Kubwezeretsa seva yomwe yagwa mu cluster ya database ya Galera

Maseva atatu akamasunga database imodzi mogwirizana, tsiku lina imodzi idzagwa ndithu. Mwina magetsi athima mwadzidzidzi, mwina diski yadzaza, mwinanso memory yatha ndipo Linux yapha pulogalamu ya database pofuna kupulumutsa makina onse. Awiri otsalawo amapitiriza ntchito ndipo ogwiritsa ntchito sazindikira n'komwe, koma inu woyang'anira mukudziwa kuti chitetezo chachepa: ina ikangogwanso, cluster yonse, kutanthauza gulu la masevawa, iima. Malangizowa ndi a MariaDB Galera Cluster pa Linux yoyendera systemd, pulogalamu yoyatsa ndi kuzimitsa mapulogalamu ena. Galera, yomwe imafananitsa deta pakati pa masevawa, inapangidwa ndi kampani ya Codership ya ku Finland, ndipo Galera 4 inayamba kubwera limodzi ndi MariaDB 10.4 mu 2019. Percona XtraDB Cluster nayonso imayendera Galera yomweyi, choncho mfundo zake n'zofanana ngakhale mayina a malamulo ena amasiyana. M'zitsanzo zonse masevawo ndiwatchula db1, db2 ndi db3, ndipo yagwa ndi db3.

Pali mfundo imodzi yomwe ndikufuna muigwire musanalembe lamulo lililonse. Seva yomwe yagwa siidziwa zimene zachitika pamene inali chigonere. Deta yoona ili kwa anzake amoyo. Iyo ikubwerera kudzalandira, osati kudzapereka. Pafupifupi ngozi zonse zazikulu pa ntchito imeneyi zimayamba munthu akaiwala zimenezi n'kudzutsa seva yotsalira m'mbuyo ngati mtsogoleri.

Yambani ndi amoyo, yogwayo idikire

Mtima umafuna kuthamangira pa db3 n'kuiyatsa. Dekhani kaye. Lowani pa db1 ndi pa db2, paliponse mufunse mafunso awa:

```
SHOW GLOBAL STATUS LIKE 'wsrep_cluster_status';
SHOW GLOBAL STATUS LIKE 'wsrep_cluster_size';
SHOW GLOBAL STATUS LIKE 'wsrep_local_state_comment';
SHOW GLOBAL STATUS LIKE 'wsrep_cluster_state_uuid';
```

Mayankho abwino ndi Primary, 2, Synced, ndiponso uuid, chizindikiro cha cluster yanu, yofanana pa onse awiri. Mukaona zimenezi, cluster ili moyo ndipo ntchito yanu ndi yongobweza membala mmodzi. Lembani uuid imeneyi penapake, muifuna posachedwa.

Mawu akuti Primary akuchokera pa mfundo ya quorum. Galera imalola gulu kupitiriza kulandira zolemba pokhapokha ngati mamembala otsala aposa theka la amene analipo. Awiri mwa atatu aposa theka, choncho ntchito ikupitirira. Koma mmodzi mwa awiri ndi theka lenileni, sanapose, n'chifukwa chake cluster ya maseva awiri okha imaima yonse imodzi ikagwa mwadzidzidzi. Kusiyana kulipo pakati pa seva yotuluka motsanzika ndi yongosowa. Yozimitsidwa bwino imauza anzake kuti ikupita, iwo n'kuwerenganso chiwerengero chawo. Yongosowa anzake sadziwa ngati yafa kapena netiweki yangoduka pakati, ndiye amasamala.

Ngati yankho ndi non-Primary, kapena mapulogalamu akulandira error 1047 yonena kuti WSREP, mbali yolumikiza MariaDB ndi Galera, sinakonzeke, vuto lanu ndi lokulirapo. Lumphani mupite ku gawo la m'munsi lonena za cluster yopanda quorum, kenako mubwerere kuno.

Itsekereni pakhomo

Chotsani db3 pa load balancer, chida chogawira maseva ntchito yochokera ku mapulogalamu, kaya ndi HAProxy, ProxySQL kapena MaxScale. Zida zimenezi zimachotsa zokha seva yosayankha, koma zimaibwezanso zokha ikangoyamba kuoneka yamoyo, ndipo inu simukufuna kuti mapulogalamu aithamangire musanaitsimikizire. Ikani m'manja mwanu chisankho choibweza. Kenako pa db3 lembani `systemctl stop mariadb` ndipo muone ndi `pgrep -a mariadbd` kuti palibe chotsalira chikuyenda. Pa MariaDB yakale kuposa 10.5 pulogalamuyo imatchedwa mysqld.

Funsani chomwe chinaigwetsa

Apa m'pomwe ambiri amadumpha, chifukwa kufufuza kumatenga nthawi pamene akuluakulu akufunsa kuti zikhala bwino liti. Koma seva yomwe yagwa chifukwa cha diski yowonongeka idzagwanso, ndipo mwina idzagwa pakati pa kukopera deta, nthawi imene mnzake woipatsa detayo ali wotanganidwa. Pamenepo mudzakhala mwaika pangozi seva yachiwiri popanda phindu.

Werengani `journalctl -u mariadb` ndi fayilo ya error log ya MariaDB, makamaka mizere yomaliza isanagwe. Ngati simukudziwa komwe fayiloyo ili, funsani seva yamoyo ndi `SHOW VARIABLES LIKE 'log_error';` popeza kawirikawiri makonzedwe amafanana. Onani zomwe kernel, mtima wa Linux, inalemba ndi `journalctl -k`, ndipo ngati makinawo anayambanso okha onjezerani `-b -1` kuti muone za ulendo wapitawo. Mukapeza mawu akuti Out of memory, ndiye kuti memory inatha, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi innodb_buffer_pool_size yoikidwa yaikulu mopitirira, kapena pulogalamu ina yomwe ikukhala pa makina omwewo. Mukapeza I/O error, kayikirani diski ndipo muiyeze ndi `smartctl -a`. Yang'anani malo otsala ndi `df -h`, komanso `df -i`, chifukwa diski imatha kukana kulemba ma inode, omwe amasunga mbiri ya fayilo iliyonse, akatha ngakhale malo akuoneka kuti alipo.

Nthawi zina seva siinagwe konse. Netiweki inangochedwa kapena kuduka kwa masekondi angapo, anzake n'kuichotsa m'gulu. Mwa makonzedwe oyambirira, Galera imayamba kukayikira membala akakhala chete masekondi 5, ndipo imamuyesa wakufa pakatha masekondi 15. Log ikamaonetsa mamembala akutuluka n'kulowanso mobwerezabwereza, konzani netiweki kaye. Palinso mtundu wina wa kugwa wofunika kuuzindikira: seva ikalephera kulemba chinthu chimene anzake alemba bwinobwino, mwachitsanzo mzere womwe ikuyenera kusintha palibe, imadzichotsa yokha chifukwa deta yake yasiyana ndi ya gulu. Seva yotere musayese kuipulumutsa ndi deta yake yakale. Ikufunika kukopera zonse mwatsopano.

Sungani zomwe mungazifunenso

Onetsetsani kuti muli ndi backup yatsopano yochokera pa seva yamoyo, yosungidwa kunja kwa masevawa. Cluster si backup. Munthu akafufuta tebulo molakwitsa, limafufutika pa onse atatu nthawi yomweyo.

Ngati malo alipo, koperaninso foda ya deta ya db3, yomwe kawirikawiri ndi /var/lib/mysql, kupita pa diski ina. Chifukwa chake n'chakuti Galera imafalitsa mokhulupirika zolembedwa m'matebulo a InnoDB, njira yodziwika ya MariaDB yosungira matebulo. Ngati wina anapanga tebulo la njira zina monga MyISAM kapena Aria n'kumalembamo kudzera pa db3 yokha, mizere imeneyo mwina kulibe kwina kulikonse, ndipo kukopera kwathunthu kukayamba idzafufutika yonse. Zimenezi zimapezeka kawirikawiri kuposa momwe timaganizira, makamaka pa database yakale yomwe inasamutsidwira mu cluster mofulumira.

Werengani pomwe inalekera

Mu foda ya deta muli kafayilo kakang'ono kotchedwa grastate.dat. Katseguleni kongowerenga, musasinthemo kanthu:

```
cat /var/lib/mysql/grastate.dat
```

Muona mizere ya uuid, seqno ndi safe_to_bootstrap. Uuid ndi dzina la mbiri ya cluster yanu, ndipo iyenera kufanana ndi ija munalemba poyamba. Seqno ndi nambala ya transaction, kapena kuti cholembedwa, yomaliza imene sevayi inalemba. Galera imapereka nambala motsatizana kwa chilichonse cholembedwa, choncho nambala yaikulu ikutanthauza seva yomwe ili patsogolo.

Seva ikazimitsidwa bwino, seqno imakhala nambala yeniyeni. Ikagwa mwadzidzidzi mupeza -1. Musachite mantha, sizikutanthauza kuti deta yatayika. Fayiloyi imakhala ndi -1 nthawi yonse imene seva ikuyenda, ndipo nambala yeniyeni imalembedwa potseka. Yogwa siinapeze mpata wolemba. Nambala yoona ili mkati mwa InnoDB, ndipo mungaitulutse ndi lamulo la `galera_recovery`, kapena ndi `mariadbd --user=mysql --wsrep-recover` kenako n'kufufuza mu log mzere wa Recovered position. Mzerewu umaonetsa uuid, kenako kolon, kenako nambala. Pa makina a systemd zimenezi zimachitika zokha pomwe MariaDB ikuyamba, koma ine ndimakonda kuona nambalayo ndi maso anga ndisanayatse, chifukwa imandiuza za ulendo womwe uli kutsogolo. Ngati uuid ndi maziro okhaokha, sevayo yadzinenera yokha kuti deta yake siyodalirika.

Ulendowo uli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi IST, pomwe mnzake amaitumizira zokhazo zimene inaphonya. Yachiwiri ndi SST, pomwe deta yonse ya db3 imafufutidwa n'kukoperanso database yathunthu. IST imatha masekondi kapena mphindi zochepa ndipo siilemetsa wopereka. SST imatha kutenga maola.

Chomwe chimasankha njira ndi gcache. Seva iliyonse imasunga zolembedwa zaposachedwa mu fayilo ya galera.cache, yomwe imadzaza mozungulira, zatsopano zikufufuta zakale. Kukula kwake koyambirira ndi 128 MB basi. Funsani db1 ndi db2:

```
SHOW GLOBAL STATUS LIKE 'wsrep_local_cached_downto';
```

Yankho ndi nambala yakale kwambiri yomwe ikadali mu gcache. Tiyerekeze kuti db3 inalekera pa 845210. Ngati db2 ikuti 840000, zonse zimene db3 inaphonya zikadalipo ndipo IST itheka. Ngati ikuti 851000, mpata wadutsa, konzekerani SST. Nambala imeneyi imakwera pamene anthu akulemba, choncho ngati mwatsala pang'ono kuti mpata utseke, apa pokha ndi pofunika changu. Onaninso kuti maseva awiriwa angapereke mayankho osiyana, ndipo wokhala ndi nambala yaing'ono ndiye wopereka wabwino.

Makonzedwe ndi mapoti

Yerekezani fayilo ya makonzedwe ya db3 ndi ya db1 mzere ndi mzere. Ngati makinawo mwawamanganso mwatsopano, apa samalani kwambiri. Dzina la wsrep_cluster_name lifanane ndendende. Mzere wa adiresi utchule mamembala onse:

```
wsrep_cluster_address=gcomm://10.0.0.11,10.0.0.12,10.0.0.13
wsrep_node_name=db3
wsrep_node_address=10.0.0.13
```

Mukapeza `gcomm://` yopanda adiresi iliyonse, konzani musanapite patsogolo. Mzere wopanda kanthuwo umauza seva kuti iyambitse cluster yakeyake nthawi iliyonse ikayaka. Malangizo akale ankauza anthu kuuika pa seva yoyamba, ndipo ambiri ankaiwala kuuchotsa. Ngati mwakopera fayilo kuchokera pa db1, kumbukirani kusintha wsrep_node_name ndi wsrep_node_address. Onaninso kuti binlog_format ndi ROW, innodb_autoinc_lock_mode ndi 2, ndipo mtundu wa MariaDB ndi wa Galera ukufanana ndi wa anzake. Tsiku lobweza seva si tsiku lokweza mtundu wa pulogalamu.

Mapoti anayi, omwe ndi makomo a netiweki, ayenera kukhala otseguka pakati pa masevawa: 3306 ya mapulogalamu, 4567 yolankhulirana gulu, 4568 ya IST ndi 4444 ya SST. Awiri omalizawa amagwira ntchito pokhapokha seva ikubwerera, motero amatha kukhala otsekeka ndi firewall kwa chaka chathunthu popanda wozindikira. Kumbukiraninso kuti wopereka ndi amene amalumikiza kwa wolandira, choncho 4444 ndi 4568 ziyenera kutseguka pa db3 kwa zobwera kuchokera kwa anzake. Poti ya 4568 ikatsekeka, IST imalephera ngakhale gcache ili ndi zonse.

Sankhani wopereka ndi njira yokoperera

Ngati SST ndiyo ikubwera, onani wsrep_sst_method. MariaDB imabwera ndi rsync ngati njira yoyambirira. Rsync ndi yachangu komanso yosavuta, koma imatseka matebulo a wopereka mpaka kukopera kutha. Taganizani: db3 kulibe, db2 yatsekeka, katundu yense wagwera db1 yokha. Pa database yaing'ono zilibe kanthu, koma pa yaikulu ndimalimbikitsa mariabackup, yomwe imalola wopereka kupitiriza ntchito, n'kungotseka kanthawi kochepa kumapeto.

Mariabackup imafuna zinthu zitatu. Phukusi lake ndi pulogalamu ya socat yotumizira deta pa netiweki zikhale pa wopereka ndi pa wolandira pomwe. Pakhale akaunti ya database yokhala ndi zilolezo za RELOAD, PROCESS, LOCK TABLES ndi BINLOG MONITOR, chomwe pa mitundu ya m'mbuyo mwa 10.5 chinkatchedwa REPLICATION CLIENT. Ndipo akauntiyo ilembedwe mu wsrep_sst_auth pa seva yopereka. Iyeseni polowa nayo pa db2 musanayambe, chifukwa password imatha kusinthidwa mu database koma fayilo ya makonzedwe n'kuiwalidwa.

Wopereka msankheni nokha. Mu makonzedwe a db3 ikani:

```
wsrep_sst_donor=db2,
```

Comma (,) yakumapetoyo ili ndi ntchito: ikuuza Galera kuti db2 ikapanda kupezeka isankhe wina. Mukaichotsa, db3 idzangofuna db2 yekha basi. Sankhani seva yomwe siilandira zolemba zambiri, ndipo ngati mungathe muichepetsere katundu pa load balancer.

Werengerani nthawi. Netiweki ya 1 Gbit imanyamula pafupifupi 110 MB pa sekondi zinthu zikakhala bwino, choncho deta ya 200 GB imafuna theka la ola pa kukopera kokha, osawerengera kukonza mafayilo akafika. Apa pali msampha wa systemd: ikaona kuti pulogalamu yachedwa kuyamba kupitirira nthawi yoikika, imaipha, SST n'kufera panjira. Lembani `systemctl edit mariadb` pa db3 ndipo muike:

```
[Service]
TimeoutStartSec=infinity
```

Onetsetsaninso kuti diski ya db3 ili ndi malo oposa kukula kwa deta ya db2, ndi mpata wotsala.

Yatsani, mwa njira wamba

Tsegulani mawindo awiri a terminal, limodzi likutsatira log ya db3, lina ya db2. Kenako pa db3:

```
systemctl start mariadb
```

Lamulo ndi limeneli basi. Musalembe `galera_new_cluster`. Lamulo limenelo ndi loyambitsira cluster pamene palibe seva ina iliyonse yamoyo, ndipo pa db3 lero ndi poizoni. Ndinaonapo zotsatira zake pa malo ena omwe ndinkagwira ntchito. Mnzanga wina, atatopa pakati pa usiku, anaona seva ikukana kuyamba ndipo anayesa lamulo limeneli. Galera inamukaniza, n'kulemba mu log kuti sevayo siinali yomaliza kutuluka m'gulu, koma uthenga womwewo unanenanso kuti wofuna kukakamiza asinthe safe_to_bootstrap kukhala 1. Iye anasintha. Sevayo inadzuka ili Primary, ili Synced, koma ili yokhayokha m'cluster ya membala mmodzi, ndi deta yotsalira maola angapo. Load balancer inaiona yathanzi n'kuyamba kuitumizira anthu. Pofika m'mawa tinali ndi mbiri ziwiri zosiyana za database imodzi, ndipo kuziyanjanitsa pamanja kunatitengera masiku. Sindimuimba mlandu, chifukwa uthengawo umaoneka ngati malangizo. N'chifukwa chake ndimaumirira zoti seva ichotsedwe pa load balancer poyambirira, ndiponso zoti muziyang'ana wsrep_cluster_size osati Synced yokha.

Zikamayenda bwino, log ya db3 ionetsa kuti yalumikizana ndi gulu ndipo yapempha state transfer, ndiko kuti kupatsidwa deta. Muona ngati ndi IST kapena SST. Pa db2, wsrep_local_state_comment isintha kukhala Donor/Desynced, zomwe zili bwino. Lamulo la systemctl likhala chete osabwerera mpaka zonse zitatha. Musalidule, musayatsenso, ndipo musakhudze db2. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuti mudziwe ngati SST ikuyendadi, onani kukula kwa foda ndi `du -sh /var/lib/mysql` pakapita mphindi zingapo zilizonse.

Kukopera kukatha db3 imadutsa pa Joined isanafike pa Synced. Joined ikutanthauza kuti deta yafika koma ikumalizitsa zomwe zinalembedwa pa nthawi yokoperayo. Nambala ya wsrep_local_recv_queue iyenera kumatsika mpaka kufika pafupi ndi ziro.

Ikakana

Werengani log ya mbali zonse ziwiri, chifukwa nthawi zambiri wolandira amangonena kuti SST yalephera pamene chifukwa chenicheni chalembedwa kwa wopereka. Mariabackup imasiyanso mafayilo ake a log mu foda ya deta. Zoyambitsa zake ndi zomwe tatchula kale zija: poti yotsekeka, socat kulibe, password yolakwika, mitundu yosiyana, adiresi yolakwika pa makina okhala ndi makadi a netiweki angapo, diski yodzaza. Onjezerani SELinux kapena AppArmor, zida zachitetezo za Linux zomwe zimatha kuletsa script ya SST mwakachetechete. Fufuzani mu log yake mupeze chomwe chaletsedwa n'kuchiloleza, osati kungozimitsa chitetezo chonse.

Ngati InnoDB ya db3 yawonongeka moti siingathe n'komwe kudziwerenga, kapena mukukayikira deta yake, ikakamizeni SST. Imitsani MariaDB, sunthani grastate.dat kupita kwina, n'kuyatsanso. Seva yopanda fayiloyi imadziona ngati yatsopano ndipo imapempha zonse. Zikakanikabe, sunthani foda yonse ya deta, pangani ina yopanda kanthu, muipatse umwini ndi `chown mysql:mysql`, muyatse. Musanasunthe kapena kufufuta chilichonse, lembani `hostname` ndipo muwerenge yankho mokweza. Mawindo a terminal amafanana kwambiri, makamaka maso akalema, ndipo lamulo lomweli likagwera pa db1 mudzakhala mwawononga deta yoona.

Musabwereze SST kambirimbiri osasintha kanthu. Ulendo uliwonse umalemetsa wopereka, ndipo chomwe chinalepheretsa poyamba chikadalipo.

Tsimikizani musanatsegule khomo

Bwerezani mafunso anayi oyamba aja pa maseva onse atatu. Paliponse pakhale Primary, 3, Synced ndi uuid imodzi. Onjezani wsrep_ready ndi wsrep_connected, zomwe ziyenera kukhala ON, komanso wsrep_last_committed, yomwe iyenera kumakwera limodzi pa onse. Kenako yesani ndi manja: lembani mzere m'tebulo loyesera pa db1 muuone pa db3, mulembe wina pa db3 muuone pa db2. Pa matebulo ofunika kwambiri omwe sakusintha pa nthawiyo, `CHECKSUM TABLE` iyenera kupereka nambala yofanana paliponse.

Pobweza db3 pa load balancer, yambani ndi katundu wochepa. Memory yake ikadali yozizira, ikuwerenga zambiri kuchokera pa diski, ndipo mu Galera seva imodzi yochedwa imachedwetsa onse. Membala akatsalira kwambiri amatumiza uthenga wa flow control, gulu lonse n'kuima kulemba kuti amudikire. Yang'anirani wsrep_flow_control_paused, yomwe imakhala pakati pa 0 ndi 1. Ikakhala pafupi ndi 0 zili bwino. Ikamakwera, onani wsrep_flow_control_sent pa seva iliyonse kuti mudziwe amene akupempha kudikiridwa. Zonse zikakhazikika, bwezerani db2 katundu wake ndipo muchotse mzere wa wsrep_sst_donor ngati munauika wa tsiku lokhali.

Cluster ikakhala yopanda quorum

Tiyerekeze kuti awiri agwa ndipo db1 yokha yatsala, ikuyenda koma ili non-Primary. Choyamba tsimikizani kuti db2 ndi db3 zafadi. Ngati netiweki yangoduka, mwina iwo awiriwo ali Primary kumbali kwawo ndipo akulandira zolemba. Zikatero db1 ndiye wotsalira, konzani netiweki ndipo ilowa yokha. Koma mukatsimikiza kuti MariaDB siikuyenda pa enawo, lembani pa db1:

```
SET GLOBAL wsrep_provider_options='pc.bootstrap=YES';
```

Lembani pa seva imodzi yokha. Ikakhala Primary, bwezani enawo mmodzimmodzi potsatira ndondomeko ya pamwambayi, wachiwiri adikire woyamba afike pa Synced.

Onse atatu akagwa pamodzi, monga magetsi akathima m'chipinda chonse, Galera imayesa kudzilumikizanso yokha pogwiritsa ntchito fayilo ya gvwstate.dat, yomwe imakumbukira mamembala omaliza a gulu. Zimatheka ngati mamembala onsewo adzuka n'kuonana. Zikalephera, imitsani MariaDB paliponse ndipo muwerenge grastate.dat pa seva iliyonse. Chizindikiro cha safe_to_bootstrap, chomwe chinabwera ndi Galera 3.19, chimakhala 1 pa seva yomwe inatuluka pomaliza mwadongosolo. Ikapezeka, yambirani pamenepo. Koma onse akagwa mwadzidzidzi mupeza 0 paliponse ndi seqno ya -1. Tulutsani nambala yoona pa aliyense ndi `galera_recovery`, muzilembe pa pepala zonse zitatu, musankhe yaikulu koposa. Pa seva imeneyo yokha ndi pomwe mungasinthe safe_to_bootstrap kukhala 1 n'kulemba `galera_new_cluster`. Enawo muwayatse ndi `systemctl start mariadb` wamba. Ngati seva imodzi siikuyaka n'komwe moti nambala yake simungaione, dziwani kuti mwina ndiyo inali patsogolo. Kuyamba popanda iyo ndi chisankho chovomera kutaya zolemba zomaliza, ndipo eni ake a deta ayenera kudziwitsidwa chisankhocho chisanapangidwe.

Kulitsani gcache zinthu zili bata

Ngati ulendo uno munakakamizika kuchita SST chifukwa gcache inadzaza, konzani zimenezi sabata yomweyi. Pa ola lotanganidwa kwambiri, werengani wsrep_replicated_bytes ndi wsrep_received_bytes pa seva imodzi, muziphatikize. Dikirani mphindi 10, muwerengenso, muchotsere. Mwapeza kuchuluka kwa zolembedwa pa mphindi 10. Tsopano dzifunseni kuti seva ikagwa usiku pamatha maola angati munthu asanaikonze. Ngati cluster imalemba 100 MB pa mphindi 10, ndiye 600 MB pa ola, ndipo gcache ya 128 MB imadzaza pasanathe mphindi 13. Kuti mupirire maola 6 mufunika 3.6 GB, ndipo ndi bwino kuonjezera mpata:

```
wsrep_provider_options="gcache.size=5G;gcache.recover=yes"
```

Ngati mzere wa wsrep_provider_options ulipo kale, onjezerani mkati mwake molekanitsa ndi semikolon, musalembe mzere wachiwiri chifukwa womalizawo umaphimba woyamba. Fayilo ya gcache imatenga malo ake onse pa diski nthawi yomweyo, choncho onani `df -h` kaye. Kusinthaku kumafuna kuyatsanso MariaDB. Chitani seva imodzi, muidikire ifike pa Synced ndipo wsrep_cluster_size ibwerere pa 3, kenako mupite pa ina.